Thabwa la Misomali la Mathias

Mwa mafunso onse amene munthu akanatha kufunsa ku Naperi chaka chimenecho, Mathias anasankha loipitsitsa. Ankafunsa anthu kuti amadziwana ndi yani.

Inali nthawi ya Chitaganya. Kunjanji ku Limbe, m'makonde a masitolo a amwenye, ngakhale pamzere wa pampopi, nkhani inali imodzi, yoti dziko lichoke m'manja mwa azungu a ku Halale. Boma nalo silinkagona. Aliyense ankadziwa kuti pakati pathu pali ena amene ankatsina khutu apolisi, ndipo amenewo ankatchedwa akapirikoni. Dzina limenelo likakumata, ngakhale mbale wako ankawolokera tsidya lina la msewu akakuona.

Mathias anali mlongo wake wamng'ono wa Zione. Makolo awo anatsala kwawo ku Chikwawa, ndiye iye anakulira m'nyumba ya Zione ndi mwamuna wake Lucius, kalaliki wa kunjanji. Mutu wake unali wakuthwa moti anakafika mpaka ku yunivesite ya ku Halale, kumene ana a ku Nyasalandi ankachita kuwerengeka. Koma mukachotsa masamu, Mathias anali mbuli yotheratu. Ankatha kudutsa pamaliro chipewa chili kumutu, osati mwachipongwe ayi, koma chifukwa maso ake ankakhala akuona zina.

Atabwera kutchuthi cha Khirisimasi, anabwera ndi nthenda yatsopano yotchedwa mpikisano wa masamu.

"Si mayeso wamba, achemwali," anafotokoza tsiku lina Zione akusoka pakhonde. "Mayeso amakufunsani zimene munaphunzitsidwa. Uwu amakufunsani zimene palibe anakuphunzitsani. Amakutsekerani m'chipinda kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, mafunso ochepa chabe, koma ambiri amatuluka osayankha ngakhale limodzi. Anthu anzeru zawotu, osati zitsiru. Wopambana amakaphunzira kutsidya la nyanja."

"Nanga ukonzekera bwanji chinthu choti sunaphunzire?"

"Ndiye vuto lake limenelo. Umangolimbana ndi mafunso a zaka zam'mbuyo mpaka mutu uzolowere kupweteka."

Ndipo unkapwetekadi. Funso limodzi linkatha kumugwira sabata yathunthu, chakudya n'kumazizira patsogolo pake. Loweruka lililonse ankapita ku Sunnyside kwa mzungu amene anamuphunzitsa kusekondale, yemwe anthu ankamutcha Kaliwo chifukwa cha chimene chinkakhala pakamwa pake. Kumeneko ankakaonetsa pamene wafika, Kaliwo n'kumupatsa funso lina lowawa kuposa loyamba.

Funso limene linamuzunguza kwambiri linali lomveka ngati masewera a ana. Linkati mukasonkhanitsa anthu asanu ndi mmodzi aliwonse, simungalephere kupeza pakati pawo atatu odziwana onse, kapena atatu osadziwana n'komwe. Ntchito inali yosonyeza chifukwa chake ziyenera kutero nthawi zonse.

Tsono Mathias anali ndi kagwiridwe kake ka ntchito. Anzake a ku Halale ankangolemba timadontho papepala n'kumaganiza. Iye timadontho tinkamuumitsa mutu, ankafuna anthu enieni. Anatola thabwa kuseri kwa nyumba, n'kukhomapo misomali isanu ndi umodzi mozungulira, n'kupempha ulusi kwa Zione. Msomali uliwonse unali munthu. Awiri akakhala odziwana ankamanga ulusi wofiira pakati pawo, akakhala osadziwana, woyera. Palibe dzina limene analemba pathabwapo, mayinawo ankawatchula pakamwa. Ndipo anthu amene anali pafupi kuti awatchule anali anzake a Lucius, amene ankalowa ndi kutuluka pakhomopo.

"Alamu, kodi a Chester amadziwana ndi a Morris?"

"Ukufuniranji?" Lucius anayankha maso ali panyuzipepala.

"Masamu basi."

"Sadziwana."

"Koma Lamlungu ndinawaona akutulukira limodzi kuseri kuno."

Lucius anatsitsa nyuzipepala n'kumuyang'ana nthawi yaitali. Kenaka anaseka n'kunena kuti sukulu ikachuluka imaononga anthu. Mathias sanamve chilichonse m'kuseka kumeneko. Anangomasula ulusi woyera n'kumangapo wofiira. Akatopa ndi anthu a pakhomo ankakafunsa ena kutchalitchi ndi pamsika, mwaulemu wake wonse, ndipo anthu ankamuyankha monyinyirika n'kumuperekeza ndi maso.

Kenaka malole a boma anabwera. Kunali mbandakucha wa tsiku lina m'mwezi wa Malichi, ndipo pamene dzuwa linkatuluka Lucius anali atatengedwa, a Chester atatengedwa, a Morris ndi ena awiri chimodzimodzi. Anakawatsekera kuseri kwa waya ku Kanjedza. Zione analira mpaka mawu anatha, kenaka anapukuta maso n'kubwerera pamakina ake osokera, chifukwa ana sadya misozi. Misewu itavuta, a ku yunivesite analola kuti Mathias asabwerere msanga, mpikisanowo alembere ku Blantyre konkuno, Kaliwo akumuyang'anira.

Poyamba akazi a pampopi ankamusiyira Zione malo akutsogolo, monga mkazi wa munthu wovutikira dziko. Koma pang'ono ndi pang'ono nkhani zinayamba kuduka iye akafika. Tsiku lina Winnie, mkazi wa a Chester, anafunsa ali chiyang'anire chidebe chake:

"Kodi alongo anu aja akupitabe kwa mzungu wawo?"

"Akupita. Ndi sukulu."

"Sukulu yake ndi yabwino. Yophunzira mayina a amuna a eni."

Zione anasenza chidebe chosadzaza n'kubwerera kwawo. Chomupweteka sichinali chipongwe cha Winnie. Chinali chakuti mawu amenewo anawapeza ali kale mumtima mwake, atakhalamo masiku angapo osatulutsidwa.

Anayamba kumuzonda mlongo wake. Ndi chinthu chonyansa kuzonda mwana amene unamusambitsa, koma anatero. Ankamvetsera akamalankhula yekha kubafa. Ankasanthula matumba a malaya asanachape, n'kupezamo timapepala todzaza zizindikiro zimene sakanatha kuwerenga, ndipo kusatha kuwerengako kunkangowonjezera mantha. Loweruka lina anamutsatira chapatali mpaka ku Sunnyside. Anaima kuseri kwa mpanda wa maluwa n'kuona Mathias akulowera khomo lakutsogolo, osati lakukhitchini kumene munthu wakuda ankayenera kugogoda. Anamuona atakhala pampando pakhonde, mwendo pamwamba pa unzake, kapu ya tiyi m'manja. Zione anadzifunsa kuti mzungu amapereka tiyi waulere kuyambira liti.

Atafika kunyumba anapeza a Laban akumudikira. A Laban anali kalipentala, mnzake wa Lucius wa m'chipani cholimbana ndi Chitaganya, ndipo mwa onse amene ankakumana kuseri kwa nyumbayo ndi iwo okha amene malole anawasiya. Anthu anali atayamba kudabwa nazo zimenezo, ndiye a Laban ankafunitsitsa kuti kapirikoni apezeke msanga, ndipo akhale wina.

"Mlamu, ine sindinabwere ndi nkhondo," anayamba motero, ngakhale nkhope yawo inkanena zina. "Koma anthu atopa. Mnyamata uyu anafunsa za a Chester, a Chester anapita. Anafunsa za a Morris, a Morris anapita. Mwamuna wanu yemwe ali kuwaya. Inu simukuona?"

"Amafunsa aliyense. Anafunsa ngakhale wogulitsa makala."

"Eya, kuti tisazindikire. Tamva kuti Loweruka likubwerali akakhala kwa mzungu tsiku lonse. Ngati ndi munthu wathu, asapite. Akakhala pakhomo tidziwa kuti ndi wathu. Akawoloka mlatho uja, ndiye kuti nyumba ino yasankha mbali yake, ndipo ine sindidzatha kuletsa anyamata."

Loweruka limenelo linali tsiku la mpikisano.

Mathias atabwera, Zione anathamangitsira ana kunja n'kutseka chitseko. Sanazungulire.

"Iwe, undiyang'ane. Unagulitsa alamu ako?"

Mathias anangoti kukamwa yasa. Kenaka nkhope inachita kugwa, ngati ya mwana amene wamenyedwa osadziwa cholakwa.

"Achemwali, ine? Alamu amene anandigulira nsapato zanga zoyamba?"

"Usandiuze za nsapato. Unapitapo kupolisi?"

"Sindinapondeko phazi."

"Pali amene anakutuma kuti uzifunsa anthu?"

"Palibe. Ndi funso la masamu, ndinakuuzani. Ndipo ndinalimaliza kale. Taonani, mukatenga munthu mmodzi, kwa anzake asanu aja payenera kukhala atatu amene..."

"Khala chete!"

Zione anamuyang'anitsitsa. Ankamudziwa akamanama kuyambira ali wamng'ono, makutu ake ankamuulula, ndipo tsiku limenelo sanaone bodza. Koma anakumbukiranso kuti munthu amene wakhala zaka ku Halale angathe kuphunzira zambiri kupatula masamu. Anamuuza mawu a a Laban.

Mathias anakhala pansi n'kugwira mutu. "Mpikisano umenewu sudzabweranso kwa ine. Chaka chamawa ndidzakhala nditamaliza. Koma ngati mukuti ndikhale, ndikhala."

Kunena zoona, Zione akanakonda mnyamatayo akanakana, akanakalipa, akanamenyetsa chitseko. Zikanakhala zosavuta kumuda. Koma anangomusiyira mtolo wonse pamutu, monga ankachitira ndi chilichonse chimene sichinali masamu.

Loweruka m'mawa Zione anasita malaya oyera a Mathias, n'kuvala diresi lake lakutchalitchi. Anamukulungira mbatata yowotcha m'kansalu.

"Tiye."

"Nanunso mukupita?"

"Ndati tiye."

Pamlatho wa mtsinje wa Naperi panali a Laban ndi anyamata angapo, atakhala pazitsulo ngati akungowothera dzuwa. Akazi anali ataima m'makomo, ena ndi zidebe zopanda madzi. Zione anayenda kutsogolo. Atafika pakati pa mlatho a Laban anaimirira.

"Mlamu, mwaganiza bwino?"

"Ndaganiza. Uyu ndi mwana wa mayi anga, ndamulera ndine. Mwamuna amene ali kuwaya ndi wanga, si wanu. Ngati pali munthu woyenera kumugwira pakhosi mnyamata uyu, ndine, ndipo ndamufunsa. Sanagulitse munthu." Anakweza mawu kuti a m'makomo amve. "Amene ali ndi umboni abwere nawo pano. Ngati palibe, tipatseni njira. Kapena mutiuze inuyo, a Laban, chifukwa chake malole anadumpha khomo lanu."

Mawu omalizawo anali ankhanza, ndipo Zione ankadziwa. Koma anagwira ntchito. Anyamata aja anayang'anana, a Laban n'kupatuka. Atadutsa, Mathias ananong'ona kuti zikomo achemwali, ndipo Zione anamuuza kuti asunge mpweya wa masamu. Anamusiya pachipata cha Kaliwo n'kubwerera yekha.

Tsiku limenelo Zione analipira. Winnie anatuma mwana kudzatenga nsalu yake yosasokedwa. Mayi wina amene anayenera kudzayesa diresi laukwati sanabwere. Pampopi akazi anasuntha zidebe zawo n'kumusiyira bwalo lalikulu ngati ali ndi khate. Masana mwala unagwa padenga, malata n'kulira, ana n'kuthawira kunsi kwa bedi. Zione anapirira zonsezo mutu uli m'mwamba. Mumtima ankati ngati mnyamatayo apambana, tsiku lina Naperi yense adzachita manyazi.

Mathias anabwera dzuwa litapendeka, akukoka miyendo, zala zili ndi inki. Anakhala pakhonde. Mbatata ija inali ikadali m'thumba.

"Zayenda bwanji?"

"Ndayankha limodzi." Anapukusa mutu. "Mwinanso theka. Lachiwiri ndinalimbana nalo mpaka masana, ndinaona ngati ndaligwira, kenaka ndinapeza kuti ndinalakwitsa poyambira penipeni. Enawo ndimangowayang'ana, iwo akundiyang'ana. Miyezi yonse ija, achemwali. Palibe ngakhale limodzi lofanana ndi zimene ndinakonzekera."

"Ndiye kuti kutsidya la nyanja kulibe?"

"Kulibe."

Analira, mwamuna wamkulu wa ku yunivesite, mamina ndi misozi. Ndipo chodabwitsa n'chakuti mtima wa Zione unapepuka. Kapirikoni sangalire chonchi chifukwa cha masamu. Kwa nthawi yoyamba chitengedwere Lucius, anakhulupirira mlongo wake ndi mtima wonse. Anakhala pambali pake n'kumusisita pamsana, n'kumuseka kuti waonongetsa makasitomala ake onse chifukwa cha theka la funso. Mathias naye anaseka m'misozi momwemo.

"Ngakhale a Kaliwo akhumudwa," anatero akupukuta kumaso. "Iwo ankati ndili ndi mwayi. Chiyambire tsiku lija ndinawaonetsa thabwa langa, ankauza aliyense kuti sanaonepo mwana woganiza chonchi."

Dzanja la Zione linaima pamsana paja.

"Unapita nalo thabwa kwa mzungu?"

"Kamodzi, mu Febuluwale. Kuti ndiwaonetse mmene ndinapezera yankho."

"Unawaonetsa bwanji?"

"Monga ndimachitira. Uyu ndi alamu, uyu ndi a Chester, uyu ndi a Morris. Anaseka kwambiri. Ngakhale mlendo wawo anachita nazo chidwi."

"Mlendo wanji?"

"Mnzawo wina amene amasewera naye tenesi. Anabwera kudzamwa tiyi. Munthu wofatsa, Chinyanja amalankhula ngati ife. Anafunsa mafunso anzeru ndithu. Anaona pamene ndinamasula ulusi woyera n'kumanga wofiira, n'kufunsa chifukwa chake. Ndinamuuza kuti awiriwo amati sadziwana, koma amakumana kuseri kwathu Lamlungu lili..."

Zione anaona chinthucho chikulowa m'mutu wakuthwa uja pang'onopang'ono, mochedwa ndi miyezi iwiri.

"Amagwira ntchito kuti mlendoyo?" anafunsa motsitsa mawu.

"Sindinafunse."

"Anabwera pa chiyani?"

"Pa Landirova. Yoyendetsa munthu wovala yunifolomu."

Kumsewu ana ankasewera mpira wachikulunga, ndipo kwa a Chester wina ankasinja. Zione ankafuna kumumenya Mathias, ankafuna kukuwa kuti Naperi yense amve, ankafunanso kumubisa kumbuyo kwake ngati kale akamathawa agalu. M'mawa womwewo anali ataima pamlatho n'kulumbira pamaso pa anthu, ndipo anali atapaka matope a Laban, amene mwina analibe mlandu uliwonse.

"Achemwali, sindinadziwe. Mulungu akundiona, sindinadziwe."

"Ndikudziwa kuti sunadziwe."

"Mwina anali akudziwa kale. Mwina si ine. Ndipita kwa a Laban, ndikawafotokozere mmene zinakhalira."

"Ukafotokoze kuti akumvetse ndani? Akakupha, ndipo akatero adzabwera kuno kuli ana." Zione anaimirira. "Tamvera. Zimene wandiuzazi zathera pakhonde pano. Usadzauze munthu, kaya wansembe, kaya mkazi amene udzakwatire. Lolemba ukwera sitima ya ku Halale, ndipo patchuthi uzikapita kwa amayi ku Chikwawa."

"Nanga alamu akadzatuluka?"

"Alamu ako akadzatuluka adzandifunsa ngati anthu ankanena zoona. Ndidzawayang'ana m'maso n'kuwauza kuti ayi."

"Mudzawanamiza chifukwa cha ine?"

"Ndidzawanamiza mpaka mmodzi wa ife adzaikidwe m'manda," anatero Zione. "Lowa ukalonge katundu wako ana asanabwere."